Nyumba Imene Ng'oma Zinailambalala

"Mlandu umenewo unafa ndi ukalamba," anatero mawu ochokera kuseri kwa chitseko cha pepala. "Unadikira, unadikira, mpaka unamera imvi n'kufa wokha. Tsono akufuna aufukule? Aitanitse loya wa ku Seoul. Aitanitse awiri. Nthawi ikatha yatha, ngakhale nduna singaibweze."

Anthu amene anali nawo m'chipindamo anaseka, kuseka kwa anthu odziwa kuti amene akulankhulayo ndi yemwenso alipire chakudya.

Sajeni Tak Mi-suk anali atakhala pansi m'chipinda choyandikana nacho cha m'nyumba yodyerayo, nsapato atazisiya pakhomo, akulimbana ndi nsomba yowotcha ya minga yambiri. Mawuwo sanachite kufunsa kuti ndi a ndani. M'tauni yonse ya Solgok munali munthu mmodzi yekha amene ankalankhula ngati akuwerenga mbiri yake pa chipilala cha chikumbutso, ndiye Aphunzitsi Yuk, mtsogoleri wa gulu la ng'oma za pamudzi.

"Sindikuti ndinachita kanthu ayi," anapitiriza Aphunzitsi Yuk. "Koma ngakhale ndikanachita. Mtsikanayo anali atakwanitsa zaka khumi ndi zitatu. Pepala la boma likutero. Ndawerengetsera ndekha, ine kalendala ndimaidziwa."

Tak anachotsa munga pakati pa mano. Pa zaka zake zonse za upolisi anali asanaonepo munthu wosalakwa akukhala pansi n'kumawerengetsera tsiku limene mlandu wake udzathere. Osalakwa amakalipa, amalira, ena amakomoka kumene. Kuwerengetsera n'kwa ena.

Chovuta chinali chakuti mkuluyo sankanama. Mwezi wapitawo ku polisi kunabwera Gil Boram, mayi wa zaka za m'ma 30, wogwira ntchito m'sitolo ya magalasi a maso ku Incheon. Anakhala pampando osavula jekete, n'kufotokoza zimene Aphunzitsi Yuk anamuchita m'chipinda chosungira ng'oma ali mwana, pa tchuthi cha nyengo yozizira, masiku amene Disembala amapatsana ndi Januwale. Anafotokoza mosalira, ngati munthu amene wakhala akuyeserera kwa zaka zambiri. Tak anamukhulupirira. Koma lamulo silifunsa kuti wapolisi wakhulupirira ndani. Limati ngati mwana anali atakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, nthawi yoimbira mlandu wa Boram inali itadutsa kale. Akanakhala wosakwanitsa, mlanduwo sukanakalamba mpaka kalekale. Ndipo malinga ndi pepala la kubadwa kwake, Boram anabadwa mu Novembala, nyengo imene amayi amathira kabichi mchere ndi tsabola n'kumuika m'mitsuko. Anali atakwanitsa. Anangopitirira pang'ono, koma pang'ono pomwepo m'pamene Aphunzitsi Yuk anapondapo n'kuitanitsa botolo lina la mowa.

* * *

"Tsekani," anatero Bwana Pyo, mkulu wa polisi ya Solgok, kunena mlandu wa Boram. Ankakonda kulamula ndi mawu amodzi chifukwa anamva kuti akuluakulu a kulikulu amatero. Anali akupukuta masamba a duwa lake la mumphika ndi kansalu konyowa.

"Bwana, ndipatseni mpaka chikondwerero cha ng'oma, mwezi ukaoneka wathunthu kumwamba."

"Kuti mutani? Mumubweze m'mimba mwa mayi ake kuti abadwenso mochedwa?" Anaseka yekha, kenako anayang'ana kukhomo ngati pali wina amene wamva nawo.

"Aphunzitsi Yuk akuti amusumira mtsikanayo kuti wawaipitsira dzina. Ife tikangotseka, iwo atsegula. Woimbidwa mlandu akhala iyeyo."

Bwana Pyo anayang'anitsitsa tsamba limodzi, ngati yankho lalembedwa pamenepo.

"Mpaka chikondwerero," anatero. "Ndipo musandichititse manyazi, Sajeni. Patsikulo ine ndikhala pampando wakutsogolo."

* * *

Mwa ana amene ankaimba ng'oma limodzi ndi Boram, ambiri anathawira m'mizinda. Wotsala anali Chu Sang-gu, amene ankakazinga nkhuku pafupi ndi depoti ya basi, munthu wonenepa amene pakamwa pake sipankazizira.

"Achemwali, ine ndinali kumbuyo, ndinkamenya ng'oma yaikulu, chimene ndinkaona ndi misana ya anzanga basi. Mwadya? Idyani iyi, yapserera pang'ono, sindingagulitse. Dzulo mafuta akwera mtengo, lero nkhuku yakwera, mawa mwina ndikwera ndine."

"Boram ankaitanidwa yekha ku chipinda chosungira ng'oma?"

Chu anatembenuza ntchafu imene sinkafunika kutembenuza.

"Ankaitanidwa," anatero, mawu atatsika. "Tinkati akukamuphunzitsa zapadera. Ena tinkachita nsanje, tangoganizani. Ine ndili ndi ana awiri aakazi tsopano, achemwali. Mawu aja amandibwerera ndikamakanda ufa. 'Nonse pitani. Kahatchi, tsala.'"

"Kahatchi?"

"Aphunzitsi sankasunga maina a ana. Ankati mutu wawo unadzaza ndi nyimbo za makolo, malo anatha. Ankatiitana ndi nyama ya chaka chimene tinabadwa. Akuluakulu aja anali Akambuku, timakanda tija Nkhosa. A kalasi yathu tonse Njoka. Njoka Yonenepa, ndiye ine. Njoka Yamamina. Njoka ya Abusa."

"Nanga Boram, wa kalasi yanu, anakhala bwanji Hatchi?"

"Kaya. Mwina nkhope yaitali. Mwina kuthamanga. Ankafunsa ndani? Ukafunsa, ndodo ya ng'oma pamutu."

"Anamuitanapo Njoka ngakhale kamodzi?"

Chu anaganiza, mafuta akuthetheka.

"Ayi. Ndipo pa nyamazi sankaphonya munthu uja. Dzina la mkazi wake akhoza kuiwala, koma osati chaka."

Tak anatuluka ndi ntchafu m'kapepala. Anaima pa msewu, mphepo ikumuluma makutu. Mwana aliyense amadziwa kuti chaka cha Hatchi chimabwera pambuyo pa chaka cha Njoka. Pepala linkati Boram ndi Njoka. Munthu wosaphonya chaka ankati ndi Hatchi. Mmodzi mwa awiriwa ankanama, ndipo kwa nthawi yoyamba Tak analakalaka kuti wonena zoona akhale Aphunzitsi Yuk.

* * *

Amake Boram anali ndi kanyumba kodyera kuseri kwa msika. Chimene ankagulitsa chinali chimodzi, msuzi wa mafupa a nkhumba, chaka chonse, ndipo wofuna china ankamulozera khomo. N'chifukwa chake Tak atangolowa anaima kaye n'kununkhiza. Pansi pa fungo la nkhumba panali fungo lina, la mafuta a chitowe ndi ndere za m'nyanja.

Kampoto kake kanali pa moto wakumbuyo, kobisika ndi chivundikiro cha mphika waukulu. Msuzi wa ndere munthu saphika poti wangoulakalaka. Amaphikira mayi amene wangobereka kumene, ndiponso mwana pa tsiku lake lobadwa, chaka ndi chaka, mpaka mmodzi wa awiriwo atamwalira.

"Wabadwa ndani lero, Amake Boram?"

"Palibe." Mayiyo sanatembenuke. Anali wamng'ono thupi, manja ofiira ndi madzi otentha. "Ndi wa mafupa angawa. Kukazizira amawawa."

"Mafupa anu amadya mbale ziwiri?"

Pa tebulo panali mbale imodzi yotsegula, ndi ina yovundikira, yokulungidwa m'nsalu yomangidwa mfundo pamwamba.

Amake Boram anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Sajeni, mwana wanga anabadwa tsiku limene boma linalemba. Apongozi anga anapita, bambo ake anapita, ine ndatsala ndi miphikayi. Theka la anthu amene amadya muno ndi oimba ng'oma. Mwamva?"

"Ndamva. Koma mwana wanu akatuluka m'tauni muno opanda mlandu, adzabweranso ndi samani m'manja. Aphunzitsi akumusumira."

Mayiyo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Tak anadikira. Panja wina ankaitanira malonda a mtedza wa chikondwerero.

"Ndilibe chonena."

"Chabwino. Mbaleyo ndikapereka ndine kwa Boram, ndikupita komweko."

Anamupatsa. Tak atafika pakhomo, mawu anamutsatira, otsika kwambiri.

"Mumuuze adye usanazizire. China musamuuze."

* * *

Boram ankagona pa nyumba ya alendo yoyang'anana ndi depoti. Kwa mayi ake sanafikire. Atamasula mfundo ya nsalu n'kuchotsa chivundikiro, anaseka ndi mphuno.

"Ayambanso."

"Amachita chaka chilichonse?"

"Chaka chilichonse, mwezi woyamba wa kalendala ya makolo ukatsala pang'ono kukhala wathunthu kumwamba. Ngakhale ku Incheon amautumiza pa basi, wowumitsa ngati njerwa. Pa tsiku langa lenileni, mu Novembala, ankangondipatsa ndalama kuti ndikadye kunja ndi anzanga, ati kabichi wawachulukira. Ine ndinkangoti mayi anga ndi kalendala sagwirizana." Anatenga supuni, kenako anaiika pansi. "Mwandiyang'ana bwanji choncho?"

"Munabadwira kuchipatala?"

"Kunyumba. Gogo Bong ndi amene anathandiza. Ankandiuza nthawi zonse kuti anandizula ngati mbatata."

"Alipo?"

"Ali ku nyumba ya okalamba, kuseri kwa phiri. Akuti amabera anzawo pa makadi." Boram anamuyang'ana Tak, n'kuyang'ana msuzi, n'kumuyang'ananso Tak. Sanali munthu wochedwa kumva. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono. "Sajeni, musandilonjeze kanthu. Ndinalonjezedwapo kale."

"Sindikulonjeza. Idyani usanazizire, ndi uthenga umene ndatumidwa."

* * *

Tak anawapeza Gogo Bong m'chipinda chochezera, atayala bulangeti pansi, makadi a maluwa ali m'manja, ena awiri ali pansi pa ntchafu. Anzawo atatu ankaoneka ngati anthu ozolowera kuluza.

"Wapolisi? Wachedwa, mwanawe. Zonse zimene ndinaba ndinadya kale."

"Ndabwera kudzafunsa za mwana wa a Gil."

"Kahatchi kaja?" Gogo anamenyetsa khadi pa bulangeti. "Kali moyo? Chabwino. Ndinakazula ine kameneko. Chipale chofewa chili mbuu panja, madzi ataundana m'chitsime, mwezi woyamba utatsala pang'ono kudzaza. Kanatuluka kakukuwa ngati kabwera kudzalanda nyumba."

"Chaka chiti, Gogo?"

"Iwe unali kuti? Chaka cha Hatchi Yoyera! Sukumbukira mmene apongozi ankathamangira kwa olosera? Ati mtsikana wobadwa chaka chimenecho adzakhala wamwano, adzakwera mwamuna wake pamsana, adzamuika m'manda asanamere imvi. Ine ndinabadwa chaka cha Nkhosa, yofatsa ija, ndipo amuna ndaika awiri. Koma anthu ukawauza samva."

Anzawo aja anaseka. Gogo anapezerapo mwayi wosolola khadi pansi pa ntchafu.

"Agogo ake a mwanayo atamva kuti ndi wamkazi analira ngati pamaliro. 'Adzamukwatira ndani? Banja liti lidzalandira hatchi?' Mayi ake ali gone, magazi asanaume, akumva zonsezo. Bambo ake anapita kukamanga chingwe pachipata, cha mapesi a mpunga, n'kusomekamo makala ndi masamba a paini, kuti anthu adziwe kuti muli khanda, asalowe. Ankamanga akuyang'ana pansi ngati waba."

"Ndiye pepala linati bwanji Novembala?"

"Aa, iwe wapolisi wa mtundu wanji? Mwana akabadwira kunyumba masiku amenewo, ku ofesi ankangofuna anansi awiri alumbire kuti tinaona, anabadwa tsiku lakuti. Anadikira miyezi ingapo, kanenepe, n'kupita kukanena kuti anachedwa kulembetsa. Analipira kachindapusa ka kuchedwa, hatchi n'kusanduka njoka. Mmodzi wa olumbirawo ndine. Ndinadinda chalachi. Ukandimange, kundende mwina amaphika bwino kuposa kuno."

"Khoti lidzafuna anthu ena, Gogo. Lidzati ndinu okalamba."

"Ukalamba ndi wa amako. Ukufuna mboni? Kafunse zidakwa za ng'oma zija. Pa mwezi wathunthu si zimayenda khomo ndi khomo, kupondaponda pabwalo kuti zoipa zichoke, eni nyumba n'kuzipatsa mowa? Mowa wa mpunga wa kwa a Gil unali woposa wa mudzi wonse. Chaka chimenecho zinafika pachipata, zinaona chingwe, zinabwerera kukhosi kuli gwa. Zinadandaula mpaka nthawi yobzala."

Tak anafunsa funso lotsala mofatsa, ngati losafunika.

"Mwati olumbira anali awiri. Winayo anali ndani?"

"Amene anasankha tsikulo. Anabwera atavala mkanjo wa makolo, buku la kalendala lili kukhwapa, anawerenga zala, anatseka maso, anadya nkhuku yathunthu yekha, n'kunena kuti lakuti Novembala ndi tsiku la mwayi." Gogo Bong anaponya khadi lomaliza n'kukokera tindalama ta anzawo kwa iwo. "Yuk. Akadali ndi kandevu kopusa kaja?"

* * *

Masiku otsatira Tak anayenda ulendo wa ku ofesi ya woimira boma pa milandu mpaka alonda a pakhomo anasiya kumufunsa chitupa. Boram anapita kwa mayi ake. Zimene anakambirana palibe anamva, koma anthu a mumsika anaona chinthu chimene chinali chisanachitikepo: kanyumba ka msuzi wa nkhumba kanatseka tsiku lathunthu. M'mawa mwake Amake Boram anafika ku polisi atavala jekete yawo ya ku maliro, nakhala pampando womwe uja anakhalapo mwana wawo.

Tsiku la chikondwerero kunacha kowala, kozizira. Pabwalo la holo ya mudzi panadzaza. Oimba ng'oma anali atavala zoyera, nsalu zofiira, zachikasu ndi zobiriwira zitapingasa pachifuwa, zipewa zawo zodzaza maluwa a pepala. Chipewa cha Aphunzitsi Yuk chinali ndi maluwa aakulu kuposa onse. Anali atamaliza kulankhula za ana, kuti ndiwo tsogolo la mwambo, ndipo Bwana Pyo, pampando wakutsogolo, anawomba m'manja motalika kuposa wina aliyense.

Ng'oma zisanayambe, akuluakulu a gululo ankatenthetsa m'mimba ndi mowa wa mpunga pafupi ndi mbaula. Tak anawayandikira manja ali m'matumba.

"Madala, mowa uli bwanji?"

"Madzi otsukira mpunga," anatero a Ma, amene ankamenya chitsulo chachikulu ndipo n'chifukwa chake ankalankhula mokuwa. "Wa m'mabotolo uwu. Mowa unapita ndi agogo a kwa Gil."

"Ndimamva choncho. Koma akuti chaka china munamanidwa."

"Ee! Musandikumbutse!" anakuwa a Ma. "Tinayenda mudzi wonse tikusunga malo m'mimba. Kufika pachipata, chingwe!"

"Chaka chimene ndinagula thalakitala," anatero wina.

"Thalakitala unagula chaka chotsatira, iwe, usanamize apolisi. Chinali chaka cha Hatchi Yoyera."

"Hatchi Yoyera, eya! Tinkaseka bambo ake kuti agule chishalo."

"Makala ndi paini, mwana wamkazi. Ndinaona ndi masowa."

Ankalimbirana kulankhula, nkhope zikuwala, monga amachitira amuna akakumbutsidwa mavuto amene anapirira limodzi. Anthu ena anayandikira kudzamva. A Ma anatembenuka n'kukuwira mtsogoleri wawo, amene anali akubwera ndi kachitsulo kake kotsogolera nyimbo.

"Aphunzitsi, si inu munatiimitsa? Munakweza dzanja n'kuti, 'Bwererani, muno mwabadwa kahatchi, fungo lake lingatilowe m'ng'oma.' Tinaseka mpaka kumtsinje!"

A Ma anaseka okha. Atayang'ana anzawo, anapeza onse atseka pakamwa. Nkhani ya mwana wa a Gil inali itazungulira tauni kwa mwezi wathunthu, pamodzi ndi masamu a Aphunzitsi, ndipo tsopano aliyense ankawerengetsera payekha mumtima. Wobadwa pa mwezi woyamba wa Hatchi, pa tchuthi chija anali asanakwanitse.

"Zocheza za anthu oledzera," anatero Aphunzitsi Yuk. Anasisita kandevu kawo. "Sajeni, inu ndinu munthu wa boma. Boma lili ndi pepala."

"Lili nalo. Limene munalumbirira inu. Gogo Bong akupereka moni."

Kandevu kanasiyidwa.

"Lamulo limawerenga tsiku limene mwana anabadwa, Aphunzitsi, osati limene munthu anasankha atakhuta nkhuku. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndipo simunganene kuti simunkadziwa, poti munkamutchula tsiku ndi tsiku pamaso pa ana onse."

"Ndinkamva ine!" anakuwa Chu Sang-gu kuchokera pa tebulo lake la nkhuku, chopanira chili m'mwamba. "Njoka Yonenepa, Aphunzitsi, mwandikumbuka? Ndikanena kukhoti. Sitolo nditseka, ndikanena!"

Tak anatulutsa chikalata cha khoti n'kuwawerengera, mosathamanga, kuti ndi a Ma omwe amve. Bwana Pyo anali ataimirira, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone kumene mphepo ikulowera. Ataona, anakonza kolala.

"Ndinawauza ine kuti afufuze mozama," anauza mayi amene anali pafupi nawo. Kenako, mokweza, mawu amodzi: "Mutengeni."

"Vulani chipewa, Aphunzitsi," anatero Tak. "Sichilowa m'galimoto."

Anavula. Popanda maluwa anali nkhalamba yaifupi ya dazi, yogwira kachitsulo kamene sinkadziwa poika. Tak anawagwira pachigongono. Anthu anapatuka kupereka njira, koma munthu mmodzi sanapatuke.

Amake Boram anaima pakati pa njirayo, mwana wawo ali kumbuyo kwawo. Akuluakulu a ng'oma atawaona anayang'ana pansi, chifukwa pabwalo lomweli panachitikapo chinthu chimene palibe ankakonda kuchikumbuka. Nyengo yozizira ija, mwana atawauza mayi ake, mayiyo anapita kukafunsa Aphunzitsi. Mudzi unayaka moto. Mkazi wogulitsa msuzi kunyoza munthu wosunga mwambo! Apongozi awo anawakokera pabwalo pano, atanyamula bokosi la mapeyala, ndipo anawagwaditsa pa chipale kuti apepese, gulu lonse likuonerera, mwanayo ataimitsidwa pambali kuti aphunzire.

"Aphunzitsi," anatero Amake Boram. "Ndinagwada apa. Pomwe paima a Ma apo. Ndinati pepani, mwana wanga ndi wabodza. Inu munati mwandikhululukira. Mapeyala munadya."

Aphunzitsi Yuk anatsegula pakamwa.

"Sindinamalize. Mapeyalawo asungeni. Ndabwera kudzatenga kupepesa kwanga. Sikunali kwanu."

Anawatembenukira msana, chinthu chimene munthu wa ku Solgok anali asanawachitepo Aphunzitsi Yuk. Anayang'anana ndi mwana wawo. Kenako anaika manja pamphumi, anapinda mawondo amene ankalira ngati chitseko chakale, n'kugwada mpaka mphumi inagunda nthaka yozizira, kugwada kumene munthu amagwadira makolo ake, osati mwana amene anabereka yekha.

"Boram. Sunali wabodza. Wabodza ndinali ine, kuyambira tsiku limene unabadwa. Pepa, mwana wanga."

A Ma anavula chipewa. Wina anavula, kenako wina, mpaka maluwa onse a pepala anali m'manja.

Boram sanathamangire kuwadzutsa. Anawasiya pomwepo kanthawi, osati kotalika, koma kokwanira kuti aliyense amene anaona kugwada koyamba kuja aonenso uku bwinobwino. Anayang'ana akuluakulu aja mmodzimmodzi. Anayang'ana nkhalamba ya dazi imene inali m'manja mwa wapolisi, ndipo inali nkhalambayo imene inayamba kuthawitsa maso.

Kenako anawerama n'kuwagwira mayi ake m'khwapa.

"Ndalandira," anatero mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Dzukani, amayi. Pabwalo pano simudzagwadanso."